Kodi “tend to”, “prone to” ndi “inclined to” n'chimodzimodzi? Nanga “knack” ndi “flair”?

Nachisale:

Moni nonse. Pali mulu wa mawu a Chingerezi amene akundizunguza mutu, chifukwa mu dikishonale akutanthauziridwa mofanana. Ena ndi onena zimene munthu kapena chinthu chimakonda kuchita, monga “tend to”, “prone to”, “inclined to”, “apt to” ndi “liable to”. Ena ndi a luso lobadwa nalo: “knack”, “flair”, “gift”, “aptitude”. Kenako pali aja amene munthu amagwiritsa ntchito akafuna kunena maganizo ake mosatsindika, monga “I suppose”, “I suspect”, “I'm inclined to think” ndi “arguably”.

Kodi ndingachotse amodzi n'kuikapo anzake chiganizo osawonongeka? N'chifukwa chiyani “inclined” akupezeka ponena za khalidwe komanso ponena maganizo? Ndipo chiganizo ichi chalakwika pati: “My phone likes switching off when it is hot”? Ndauzidwa kuti sichili bwino koma sindikuona pamene pali vuto. Mawuwa ndikuwafuna polemba komanso pa mayeso olankhula a IELTS, oyesa Chingerezi cha munthu. Amene mukuzidziwa bwino ndithandizeni, ndipo musaope kutalikitsa.

Mbewe:

Zikomo achemwali. Ndiyambe ndi chiganizo cha foni chija, chifukwa muzu wa vuto uli pomwepo. M'Chichewa mneni “kukonda” amasenza ntchito ziwiri. Tikati “mwanayu amakonda kuimba”, tikunena chimene chimamusangalatsa. Koma tikati “mwanayu amakonda kudwala kukazizira”, palibe amene angaganize kuti mwanayo amasangalala ndi matenda. Tikungonena kuti zimamuchitikira kawirikawiri. Chingerezi chinalekanitsa ntchito ziwirizi. “Like” ndi wa chisangalalo, ndipo amafuna chinthu chokhala ndi mtima. Kukonda kwachiwiri kuja ndi “tend to”. Mukanena kuti “my phone likes switching off”, womvera amamva ngati foniyo imakondwa ikazima. Pocheza ena amalankhula choncho mwadala pofuna kuseketsa, koma pa mayeso aona kuti mwalakwitsa. Cholondola ndi “My phone tends to switch off when it gets hot.” Kuyesa kwake n'kosavuta: m'chiganizo cha Chichewacho chotsani “amakonda” muikepo “amasangalala ndi”. Tanthauzo likasokonekera, Chingerezi chake ndi “tend to”.

“Tend to” ndiye wa tsiku ndi tsiku, ndipo mukasowa pogwira gwirani ameneyu. Sasankha zabwino kapena zoipa, munthu kapena chinthu: “Old batteries tend to drain faster”, “She tends to arrive early”. Patsogolo pake pamabwera mneni wosaphatikiza kanthu, choncho “tends to switching” n'kulakwitsa. Pokana, “not” amalowa pakati: “He tends not to answer at night.” Ntchito yake yeniyeni ndi kusiya mpata woti nthawi zina sizitero. Yerekezani “Children cry when they are tired” ndi “Children tend to cry when they are tired”. Choyambacho chili ngati “ana amalira akatopa”, ndipo wina akhoza kukutsutsani pongoloza mwana mmodzi amene salira. Chachiwiricho n'chovuta kuchitsutsa. N'chifukwa chake polemba ndi bwino kupewa “always tends to”, ngakhale mudzamva ena akutero pocheza.

“Prone to” ndi wa zoipa: matenda, ngozi, kuwonongeka, kulakwitsa. M'Chichewa amafanana ndi “sachedwa ku-”, monga “sachedwa kudwala mutu”, “sachedwa kupsa mtima”. Ndiye “He is prone to headaches”, “This road is prone to flooding”. Mukalemba kuti “She is prone to winning prizes” malamulo a chiganizo mwatsatira, koma zikumveka ngati kupambana ndi nthenda. Amalumikizikanso kumapeto kwa dzina n'kupanga mfotokozi: “accident-prone”, “flood-prone”, “error-prone”.

“Liable to” nayenso ndi wa zoipa, koma amayang'ana kutsogolo, ngati chenjezo. “The shelf is liable to collapse” akutanthauza kuti shelefuyo ikhoza kugwa nthawi ina iliyonse, ngakhale sinagwepo n'kamodzi komwe. “Prone” amanena za kufooka kumene kwakhala kukuoneka mobwerezabwereza. Apa chenjerani ndi mperekezi: “liable for” ndi mawu a zamalamulo, otanthauza kuti mlandu kapena malipiro ali pa inu, monga “The driver is liable for the damage”. Palinso “liable to a fine”, kutanthauza kuti mukhoza kulipitsidwa chindapusa. “Apt to” ndi wofanana ndi “tend to”, koma amamveka wachikale pang'ono ndipo amapezeka kwambiri m'zolembedwa. Mudziweni kuti muzimumva mukamawerenga; simukusowa kumugwiritsa ntchito.

Tsopano “inclined”. Anachokera ku mneni wa Chilatini wotanthauza kupendekera, ndipo mukagwira chithunzi chimenecho funso lanu layankhika. Munthu akhoza kupendekera ku khalidwe: “He is inclined to be lazy”. Akhoza kupendekera ku ganizo: “I'm inclined to agree”, kutanthauza kuti mtima wanga ukulowera kovomera koma sindinagwere komweko. Akhozanso kupendekera ku luso: “She is musically inclined”. Choncho ali m'magulu anu onse atatu, osati awiri okha. Popeza kupendekerako n'kwa mtima, amakhala bwino kwambiri pa anthu. Foni yanu ija muisiyire “tend to”.

Mukafuna dzina m'malo mwa mneni, ndi “a tendency to” wotsatana ndi mneni, kapena “a tendency towards” wotsatana ndi dzina. “A tendency of doing” ambiri amalemba koma si wolondola. Ndipo ngati khalidwelo likukunyansani, Chingerezi chili ndi njira ina yachidule: “He is always losing his keys” kapena “He keeps losing his keys”. Awa si ongofotokoza, muli kudandaula mkati mwake, ngati mmene timanenera kuti “amangokhalira kutaya makiyi”.

Nabanda:

Ndionjezerepo pang'ono pa zimene a Mbewe anena, kenako ndilowe m'mawu a luso. Chimene chimasokoneza anthu pa “tend to switch” ndi “prone to flooding” n'chakuti ka “to” kali mitundu iwiri. Kena ndi ka mneni, kofanana ndi “ku-” wa mu “kudya”. Kena ndi mperekezi, ndipo mperekezi amafuna dzina kapena mneni wa -ing. Poyesa, ikani dzina patsogolo pake. “Prone to headaches” zikutheka, ndiye “prone to forgetting” zithekanso. “Given to” ndi “be used to” amayenda momwemo. “Prone” amalola zonse ziwiri, moti “prone to forget” si cholakwika. Koma “apt to” ndi “inclined to” ponena za zochita amafuna mneni wosaphatikiza kanthu.

Pa luso, chiyambi cha chisokonezo n'chakuti ife mawu akuti “luso” timawagwiritsa ntchito pa chobadwa nacho komanso pa chophunzira. Chingerezi chimayamba chafunsa kuti lusolo linachokera kuti. Lochita kuphunzira ndi kuzolowera ndi “skill”. Lobadwa nalo ndi “gift” kapena “talent”. Munthu akhoza kukhala ndi “talent” koma wopanda “skill” ngati sanadzivutitse kuphunzira. “Gift” ndiye mphatso yeniyeni, ndipo ndi wamphamvu kuposa onse. “A gifted pianist” ndi chiyamikiro chachikulu, si chonena mwachisawawa. “Talent” poyamba sankatanthauza luso n'komwe. M'Chigiriki anali muyeso wa kulemera ndiponso wa ndalama, ndipo tanthauzo la luso linakula kuchokera ku fanizo la matalente la pa Mateyu 25.

“Knack” ndi kaluso kakang'ono kogwirika, kochita chinthu china chake mosavuta pamene ena akuvutika nacho: kutsegula loko wolimba, kutontholetsa mwana, kukumbukira mayina a anthu. “She has a knack for remembering names.” Kangakhale kobadwa nako kapena kotola m'kuchita, n'chifukwa chake pali “There's a knack to it”, kunena kuti chinthuchi chili ndi kachitidwe kake, ndi “You'll soon get the knack of it”. Simunganene kuti dokotala wa opaleshoni ali ndi “knack for surgery” osamuchepetsa. Ntchito yaikulu yotere imafuna “gift” kapena “skill”. Dziwaninso kuti “knack” amagwiritsidwa ntchito pa zoipa monyogodola: “He has a knack for saying the wrong thing” si chiyamikiro. Pa katchulidwe, k woyambayo satchulidwa. Ndipo popeza Chichewa chili ndi malembo a liwu 5 okha, “knack” amatuluka ngati “neck” kapena “knock”. Tsegulani pakamwa kwambiri kuposa pa “neck”, milomo isazungulire ngati pa “knock”, ndipo mudule pa k womaliza osaonjezera i.

“Flair” ndi luso lokhala ndi kukongola, kuchita chinthu mwa mtundu wakewake moti anthu n'kutembenuka. Anachokera ku Chifalansa, kumene “flairer” ndi kununkhiza, ndiye muli ganizo la munthu amene amangonunkhiza choyenera osachita kuuzidwa. Amayenda ndi zojambula, zovala, kulemba, kukongoletsa m'nyumba, ziyankhulo: “a flair for design”, “a flair for languages”. “A flair for fixing taps” sizikumveka, pamenepo ndi pa “knack”. Amatchulidwa chimodzimodzi ndi “flare” wa moto wolilima, ndiye polemba samalani.

“Aptitude” ndi wa kusukulu ndi kuntchito. Sanena kuti munthu amachita kale bwino, koma kuti akaphunzitsidwa agwira msanga. N'chifukwa chake mayeso osankhira anthu maphunziro kapena ntchito amatchedwa “aptitude test”. Chitsanzo chodziwika ndi Modern Language Aptitude Test amene John Carroll ndi Stanley Sapon anatulutsa mu 1959 pofuna kuyeza amene angaphunzire chiyankhulo china mofulumira. Musamusokoneze ndi “attitude”, amene ndi kaonedwe ka zinthu ndi mtima umene munthu ali nawo.

“Gift”, “talent”, “knack”, “flair” ndi “aptitude” onsewa amatsatana ndi “for”, ndipo amafuna “a” kapena “an”. Popeza ife tilibe timawu timeneti, timakonda kutisiya: “She has knack for” ndi cholakwika chofala kwambiri. Lowezani zonse pamodzi ngati liwu limodzi: “a knack for”, “a gift for”, “an aptitude for”, ndipo mneni wotsatira akhale wa -ing.

Amene ndimawakonda kwambiri ndi a ziwalo za thupi, chifukwa ndi amene eni chiyankhulo amalankhula pocheza. “An ear for music” ndi khutu lomva nyimbo kapena katchulidwe. “An eye for detail” ndi diso loona tinthu tating'ono timene ena akulumpha. “A head for figures” ndi mutu wa masamu, pomwe “a head for heights” ndi kusachita chizungulire pamalo okwera. Mtolankhani wodziwa kusaka nkhani ali ndi “a nose for news”. Munthu amene chilichonse akadzala chimamera, ku Britain amati ali ndi “green fingers”, ku America “a green thumb”. Wodziwa kukhala ndi ana kapena kusanja mawu ali ndi “a way with children”, “a way with words”. Apa mperekezi ndi “with”, osati “for”. Ndipo wamba uja musamuiwale: ndi “good at maths”, “good at drawing”. “Good with” ndi wa anthu, zida ndi manja. “Good for” ndi nkhani ina, ya chinthu chothandiza, monga mu “Sleep is good for you”.

Nachisale:

Zikomo kwambiri a Mbewe ndi a Nabanda, nkhani ya “kukonda” ija yanditsegula maso. Ndiye kuti mwina pa mawu a maganizo palinso msampha wotere? Mwachitsanzo, munthu wachedwa kufika, ndipo ndikufuna kunena kuti “ndikhulupirira basi yamusiya”. Kodi “I hope he missed the bus” ndi zolondola? Komanso “I suspect” ndi “I doubt” ine ndimawaona ngati amodzi, onse ndi kukayikira.

Chirwa:

Misampha ilipo achemwali, ndipo iwiri mwaitchulayi ndi yoopsa kuposa ya foni ija, chifukwa imakunenetsani zosiyana ndi zimene zili mumtima mwanu. “Ndikhulupirira” wathu amagwira pawiri. Mu “ndikhulupirira muli bwino” muli kufunira munthu zabwino, ndipo ameneyo ndi “I hope”. Mu “ndikhulupirira basi yamusiya” muli kungoganiza, ndipo ameneyo ndi “I think” kapena “I suppose”. “Hope” nthawi zonse amanena chimene mukulakalaka. Ndiye “I hope he missed the bus” akutanthauza kuti mukufuna kuti basiyo ikhale itamusiya. Taganizani mutamva kuti mnzanu sanabwere kuntchito n'kunena kuti “I hope he is sick”. Nenani “I think he missed the bus”, kapena ngati mukuona kuti palibenso chifukwa china, “He must have missed the bus”, amene ndi “ayenera kuti basi yamusiya”.

“Suspect” ndi “doubt” ndi otsutsana. “I suspect he will come” ndi kuti ndikuganiza kuti abwera. “I doubt he will come” ndi kuti sindikuona kuti abwera. Ifenso timasiyanitsa pang'ono: “ndikumukayikira kuti ndiye watenga” ndi “suspect”, pomwe “ndikukayika ngati abwere” ndi “doubt”. “I suspect” amakhala bwino pamene mulibe umboni wokwanira, makamaka pa chinthu chobisika kapena chosasangalatsa: “I suspect the figures are wrong.”

Wachitatu ndi wa “-tha” ndi “-nga-”. Timati “mvula itha kugwa mawa”, ndiye ambiri amalemba “It can rain tomorrow”. Poganizira chinthu chimodzi chimene mwina chichitika, Chingerezi chimafuna “may”, “might” kapena “could”: “It might rain tomorrow.” “Can” ndi wa zimene zimatheka nthawi zina mwachibadwa, monga “Deserts can get very cold at night”. Pokana pali dzenje lina. “It may not be true” ndi kuti mwina si zoona, koma “It can't be true” ndi “It couldn't be true” akunena kuti n'zosatheka. Pa kuvomera “may” ndi “could” ndi oyandikana; mukangoikapo “not” asiyana kutali.

Mawu oyambira maganizo ali ndi kulemera kosiyana. “I think” ndi wapakati. “I'd say” ndi “It seems to me” ndi ofewerapo, ngati “mmene ndikuonera”. “I tend to think” ndi “I'm inclined to think” amasonyeza kuti mwasinkhasinkha mbali zonse ndipo mwapendekera kumodzi. Pa gawo lachitatu la mayeso olankhula a IELTS, limene limatenga mphindi 4 mpaka 5 mukukambirana nkhani zofuna maganizo, awiriwa ndi othandiza kwambiri. “I suppose” nthawi zambiri amakhala ndi kuvomera monyinyirika; wina akakuyankhani kuti “I suppose so”, wavomera koma mtima sunafike. “I guess” ndi wa pocheza, wofala kwambiri ku America, ndipo “I reckon” mudzamumva ku Britain ndi ku Australia. Onse awiri musawalembe mu nkhani ya mayeso. “As far as I know” amaika malire pa zimene mukudziwa, pomwe “as far as I can tell” amaika malire pa zimene mwatha kuona. “According to me” musanene. “According to” ndi wa munthu wina kapena lipoti, inuyo nenani “in my view”.

Pokana, “not” amathamangira koyambirira kwa chiganizo. Ife timati “ndikuganiza kuti sabwera”, koma iwo amakonda “I don't think he'll come” kuposa “I think he won't come”, ndipo choyambacho n'chofewa. Dziwaninso kuti ena mwa mawuwa amaoneka okayika koma ndi kutsutsa kwaulemu. Munthu akanena pamsonkhano kuti “I'm not sure I agree”, makamaka wa ku Britain, kawirikawiri wakana ndithu. “I would have thought” nayenso amabwera munthu akamakonza mnzake mofatsa.

Aonjezi aja a -ly ndi amene amalakwitsidwa kwambiri. “Apparently” si “mwachionekere” ayi, ndi “akuti” wathu uja, wa nkhani yongomva: “Apparently she has resigned.” “Supposedly” ndi “akuti” wokhala ndi kusakhulupirira. “Allegedly” ndi wa m'nyuzipepala, ponena za mlandu umene khoti silinagamule. “Presumably” ndi pamene mukungolumikiza nokha zinthu mwa nzeru: magetsi a m'nyumba ayaka, ndiye “presumably they're home”. “Arguably” satanthauza kuti nkhaniyo ndi yokayikitsa. Amatanthauza kuti pali zifukwa zomveka zoikira kumbuyo, ndipo amakonda kutsogolera chiyamikiro chachikulu: “arguably the best player of her generation”. Wonenayo akugwirizana nazo, wangosiya khomo lotsegula.

Musaganize kuti kulankhula kotere ndi mantha. M'zolemba za sayansi ndi mwambo ndithu, ndipo akatswiri a chiyankhulo amakutcha “hedging”, dzina limene linafala kuchokera pa zolemba za George Lakoff za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. James Watson ndi Francis Crick polengeza kapangidwe ka DNA mu magazini ya Nature mu 1953 anayamba ndi mawu akuti “We wish to suggest a structure”, osati “we have proved”. Mukamalemba, “suggest”, “indicate”, “appear to” ndi “is likely to” ndiwo zida zanu. Bungwe la IPCC, loona za kusintha kwa nyengo, linafika poika manambala pa mawuwa m'malipoti ake: “likely” ndi kuyambira 66 peresenti, “very likely” kuyambira 90, “virtually certain” kuyambira 99. Pocheza palibe amene amayeza chotero, koma zikukupatsani makwerero ake.

Kulakwitsa kwa amene angowadziwa kumene ndi kuunjika: “I think maybe it might possibly be true”. Pamenepo simunanene kanthu. Chofewetsa chimodzi pa chiganizo n'chokwanira, ziwiri ndiye malire, ndipo muziike pa mfundo imene mukukayikiradi, osati pa chilichonse.

Mbewe:

A Chirwa afotokoza bwino, ine ndingobwerera pa kaphunziridwe, chifukwa ndikuona kuti chisokonezo cha achemwali chikuchokeranso pa kuwaika mawuwa mulu umodzi. Mawu ofanana matanthauzo akaphunziridwa tsiku limodzi amalowererana m'mutu: mumakumbukira kuti pali “prone” ndi “apt”, koma wa zoipa ndi uti mwaiwala. Paul Nation wa ku Victoria University of Wellington ku New Zealand analemba zochenjeza za zimenezi mu 2000, ndipo malangizo ake ndi oti muyambe ndi ofala kwambiri, enawo abwere woyambayo atakhazikika. Mapanga awiri avumbwitsa. Sabata yoyamba tengani mmodzi pa gulu lililonse: “tend to”, “good at”, “I'd say”. Atatuwa sangasokonezane chifukwa ntchito zawo n'zosiyana. Sabata yachiwiri “prone to”, “a knack for”, “I suspect”. Muzipita choncho.

Pa kakhadi musalembe liwu lokha ndi tanthauzo lake. Kutsogolo lembani chiganizo chathunthu chokhala ndi mpata, monga “Low areas are ___ flooding”, kumbuyo “prone to”, ndipo pansi pake mawu awiri okukumbutsani: “zoipa zokha”. Mukatero mukuloweza zinthu zitatu nthawi imodzi: liwulo, mperekezi wake, ndi mtundu wa mawu amene limayenda nawo. Chiganizocho chikhale chochokera mu dikishonale ya ophunzira Chingerezi, monga ya Oxford, Longman kapena Cambridge, zimene zili pa intaneti ndipo zimasonyeza mperekezi ndi katchulidwe. Dikishonale yomasulira liwu ndi liwu singakuuzeni zimenezi.

Kubwereza kukhale kotalikirana. Njira ya mabokosi imene Sebastian Leitner anafalitsa ku Germany mu 1972 imagwirabe ntchito: khadi mukaliyankha bwino lipite m'bokosi lotsatira, mukalephera libwerere m'bokosi loyamba. Mungayambe ndi kubwereza pakapita tsiku 1, kenako masiku 3, 7, 14 ndi 30. Pulogalamu ya Anki imawerengera yokha masikuwa. Makhadi atsopano asapitirire 5 pa tsiku pa mawu a mtundu uwu, chifukwa akachuluka obwereza amaunjikana sabata yachiwiri ndipo munthu amagwa ulesi.

Mukakayika ngati mawu awiri amayendera limodzi, fufuzani m'nkhokwe za ziganizo zenizeni. British National Corpus ili ndi mawu pafupifupi 100 miliyoni, ndipo COCA ya Chingerezi cha ku America inapitirira 1 biliyoni. Lembani “prone to” n'kuwerenga mizere 20 yoyamba; muona nokha matenda, ngozi ndi zolakwika zitandandalikana. Pokonzekera kulankhula, tengani funso limodzi, mwachitsanzo ngati luso la nyimbo munthu amabadwa nalo kapena amachita kuphunzira, mudzijambule pa foni kwa mphindi 2, kenako mumvetsere n'kuwerenga kuti “I think” mwamutchula kangati. Jambulaninso mutasintha awiri okha mwa amenewo.

Nabanda:

Pojambulapo, achemwali, mumvetserenso pamene mukutsindika liwu. Ife tinazolowera kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye chizolowezicho chimatitsatira m'Chingerezi n'kupotoza mawu ataliatali. “Arguably”, “aptitude”, “tendency” ndi “liable” amatsindikidwa pa phatikizo loyamba. “Apparently”, “presumably”, “supposedly” ndi “inclined” ndi pa lachiwiri. “Suspect” ali pawiri: akakhala mneni, monga mu “I suspect”, tsindikani kumapeto, akakhala dzina la munthu woganiziridwa mlandu, tsindikani koyambirira. Ndipo mu “supposedly” ndi “allegedly” ka -ed- kamatchulidwa ngati phatikizo pakokha, moti onsewa ali ndi maphatikizo 4, pomwe mu “supposed to” sikamveka.